Cithunzi ca Mai Wobvala Cikasu

Mu mzinda wa New York, m'nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zaluso yochedwa Metropolitan Museum of Art, muli cithunzi ca mai wina wa ku France amene wakhala phee, alikupeta nsalu ndi singano. Cithunzico si cacikulu ai: m'litali ndi masentimita 72, m'lifupi masentimita 57. Amene anacijambula ndi Odilon Redon, m'caka ca 1901, ndipo mai ali pamenepoyo ndi Mai Fontaine, amene dzina lao lakwao linali Marie Escudier. Ambiri a ife tikapatsidwa cithunzi ca munthu tifunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi cafanana naye mwini wace? Tikakhutira kuti mphuno ndi yomweyo ndipo maso ndi omwewo, ticibweza. Funso limenelo si loipa, koma pa cithunzi ici silingatifikitse patali. Redon anaijambula bwino nkhope, inde, koma nchito yace yaikulu anaicita ndi mitundu imene anaika pozungulira nkhopeyo. Ndipo kuti inu owerenga muimvetse mitunduyo, muyenera kudziwa kuti munthu ameneyu anatha zaka ngati 20 akudziwika ndi zithunzi zakuda zokhazokha.

Tiyambe ndi cipangizo cimene anagwiritsa nchito. Cithunzi ici sicinapakidwe ndi penti wa mafuta monga zithunzi zambiri zochuka za ku Ulaya. Cinajambulidwa pa pepala ndi timitengo ta utoto wouma, timene aticha pasitelo. Ganizani za coko ca mphunzitsi, koma cofewa kopambana, ndiponso copezeka m'mitundu mazanamazana. Opanga pasitelo atenga ufa wa utoto nausakaniza ndi ulimbo pang'ono, wongokwanira kuti ufawo ugwirane, kenaka aumba timitengo ndi kutiyanika. Wojambula akakhudza pepala ndi kamtengo kotere, ufa utsalira pa pepalapo ngati fumbi, wosamira m'mafuta kapena m'madzi. Kuwala kukagwera pa fumbi limenelo kumwazikana mbali zonse, ndipo ndico cifukwa cace mitundu ya pasitelo siinyezimira ngati mbale yotsuka kumene. Iwala mofatsa monga phiko la gulugufe. Wa penti asakaniza mitundu yace pa kathabwa asanaipake, pamene wa pasitelo aisakanizira pa pepala pomwepo, posanjika mtundu wina pamwamba pa unzace, kapena potikita ndi cala. Akafuna mzere wakuthwa alemba ndi nsonga ya kamtengo, akafuna nkhungu agoneka kamtengoko cam'mbali. Sungani mfundo iyi, pakuti tidzaifuna kutsogoloku: cipangizo cimodzi comweco cikhoza kulemba mzere ndiponso kupaka mtundu.

Pasitelo siinayambe ndi Redon. Mai wina wa ku Venice, Rosalba Carriera, anafika mu Paris m'caka ca 1720, ndipo anthu acuma anacita kulimbirana kuti awajambule nkhope. Pambuyo pace kunadza Maurice Quentin de La Tour, amene mu 1755 anaonetsa cithunzi cacikulu ca Madame de Pompadour, mkazi wacibwenzi wa Mfumu Louis XV. M'cithunzi cimeneco mulibe cobisika. Diresi la silika, mabuku, mapepala a nyimbo, mpando wa mtengo wapatali, zonse ziripo kuti zikuuzeni kuti maiyu ndi wophunzira ndiponso wamphamvu. Ufumu utagwetsedwa m'kuukira kumene kunayamba mu 1789, pasitelo inatsika nao pamodzi, ambiri nkumaiyesa cinthu ca masiku akale a mafumu. Inadzadzukanso patapita zaka zambiri, makamaka m'manja mwa Edgar Degas, ndipo mu 1885 akatswiri a pasitelo anakhazikitsa bungwe lao mu Paris.

Caka ca 1839 cinabweretsa zinthu ziwiri zimene zikhudza nkhani yathu. Coyamba, mu Paris munalengezedwa njira ya Louis Daguerre yojambulira ndi kamera. Kuyambira pamenepo nchito yofanizira nkhope inayamba kucoka m'manja mwa amisiri kupita ku makina, ndipo pofika 1900 kampani ya Kodak inali kugulitsa kamera ya Brownie pa dola imodzi. Koma zithunzi za kamera za masiku amenewo zinalibe mitundu. Caciwiri, katswiri wa sayansi Michel-Eugène Chevreul, amene anali woyang'anira utoto pa fakitale yoluka nsalu ya Gobelins, anasindikiza buku lofotokoza kuti mtundu suoneka cimodzimodzi pali ponse, popeza usintha malinga ndi mnansi wace. Pa fakitalepo panali dandaulo lakuti ulusi wina wakuda sunali kuda bwino. Iye atafufuza anapeza kuti utoto unalibe mlandu. Mitundu imene inaikidwa pafupi ndi ulusiwo ndiyo inali kunyenga diso. Caka cotsatira, pa 20 Epulo 1840, Redon anabadwa mu mzinda wa Bordeaux.

Dzina lace lenileni linali Bertrand, monga atate ace, amene anapeza cuma ku Louisiana. Lakuti Odilon linacokera ku dzina la amai ace, Odile. Anali mwana wodwaladwala, cotero makolo anamtumiza ku munda wao wa mpesa wochedwa Peyrelebade, m'cigawo ca Médoc, dziko lacidikha ndi lacete. Kumeneko anakula ali yekhayekha, ndipo ku sukulu anapita atakwanitsa kale zaka 11. Atate ace anafuna kuti akhale mmisiri wolemba mapulani a nyumba, koma analephera mayeso. Mu 1864 analowa m'kalasi la Jean-Léon Gérôme mu Paris, mphunzitsi wochuka wa kujambula kofanizira ndendende, koma sanamvane naye ndipo sanakhalitse. Aphunzitsi ace enieni anawapeza ku Bordeaux komweko. Wina anali Rodolphe Bresdin, mmisiri wosauka amene anamphunzitsa kuzokota zithunzi pa citsulo. Wina anali Armand Clavaud, katswiri wa zomera, amene anamuonetsa tamoyo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso paokha, timene munthu sadziwa ngati ndi nyama kapena comera. Mu 1870 anapita ku nkhondo ya pakati pa France ndi Prussia monga msilikari wamba.

Atabwerako ku nkhondo anatola makala, ndipo sanawasiye kwa zaka zambiri. Zithunzi za nyengo imeneyi iye mwini anazicha noirs, ndiko kuti zakuda. Pali diso lalikulu limene liuluka m'mwamba ngati cibaluni, la mu 1878. Pali kangaude wa ubweya amene amwetulira mano ali pamtunda, wa mu 1881. Pali mutu wa munthu womera m'kabokosi ngati comera ca minga. Mu 1879, ali ndi zaka 39, anasindikiza zithunzi 10 mwa njira yodindira pa mwala wosalala, nazicha Dans le rêve, kutanthauza m'maloto, koma makope ace anali 25 okha. Anthu sanamdziwe kwenikweni kufikira 1884, pamene Joris-Karl Huysmans anatulutsa buku lochedwa À rebours, m'mene muli munthu wacuma wotopa ndi dziko amene akoloweka zithunzi za Redon m'nyumba mwace. Bukulo linampatsa dzina, koma linali dzina la mmisiri wa maloto oopsa, wokondedwa ndi olemba ndakatulo, amene ogula ace anali owerengeka.

Olemba ndakatulo amenewa anali a gulu limene pa Cifalansa lichedwa symbolistes. Ife tinganene kuti ophiphiritsa. Mmodzi wa iwo, Jean Moréas, analengeza mfundo zao m'nyuzipepala ya Le Figaro pa 18 Seputembala 1886. Kuphiphiritsa si cinthu cacilendo kwa inu: ndiko kunena cinthu popanda kucichula dzina, kuti womva acipeze yekha, monga acitira akulu pokamba nkhani yolemera pamaso pa ana. Anthu awa anaona kuti zinthu zazikulu za mumtima, monga kulakalaka, mantha kapena bata, zikachulidwa dzina zicepa, ndi kuti njira yabwino ndiyo kuika pamaso pa munthu cinthu cooneka cimene cidzadzutsa mwa iye cosaonekaco. Pa nthawi yomweyo Claude Monet ndi anzace anali kuthamangitsa kuwala kwa dzuwa pa madzi ndi m'minda, kujambula cimene diso liona pa kamphindi kamodzi. Redon anaikako zithunzi zace pa cionetsero cotsiriza ca gulu lao mu 1886, koma mtima wace unali kwina. Iye anaona kuti anthu amenewa aima pa diso, osalowa m'kati.

Nanga mitundu inabwera bwanji? Ambiri aifotokoza nkhaniyi mwacidule, kuti munthu wacisoni anajambula zakuda, ndipo atapeza cimwemwe anayamba kujambula maluwa. Ine ndiona kuti kufotokoza kotere nkofulumira. Nzoona kuti mu 1880 anakwatira Camille Falte, wocokera ku cisumbu ca Réunion, ndipo ukwati wao unali wamtendere. Nzoonanso kuti mwana wao woyamba, Jean, anabadwa mu 1886 namwalira ali ndi miyezi 6, ndi kuti kubadwa kwa waciwiri, Arï, mu 1889, kunatula mtolo pa mtima wa atate ace. Mu 1890 anapaka cithunzi ca penti cochedwa Les Yeux clos, mutu wa munthu wotsinzina wooneka ngati utuluka pamwamba pa madzi, ca mitundu yofatsa, ndipo ambiri aciyesa khomo lolowera m'nyengo yace yatsopano. Koma caka comweco bwenzi lace Clavaud anadzipha. Ca m'ma 1895 Redon anadwala kwambiri. Mu 1897 munda wa Peyrelebade, kumene anali kubwerera caka ndi caka kukajambula zakuda zace, unagulitsidwa pambuyo pa mkangano wa pabanja pa za cuma ca masiye. Tsono mitundu inadza mabvuto ali m'kati, asanathe. Ndiponso tisacite manyazi kuchula ndalama. Munthu wa zaka zoposa 50, wokhala ndi mkazi ndi mwana wamng'ono, anapeza kuti zithunzi za maluwa ndi za nkhope za anthu zigulidwa msanga kuposa akangaude. Ngozi inalipo ndithu, pakuti dzina lace lonse linamangidwa pa cakuda, ndipo akanakhoza kutaya omkonda akale osapeza atsopano.

Cimene cinamthandiza ndi cakuti kucoka pa makala kupita ku pasitelo si ulendo wautali. Zonse ziwiri ndi fumbi louma pa pepala. Zonse ziwiri azisanjika, azitikita, azifufuta kuti kuwala kutuluke. Dzanja limene linaphunzira kusiyanitsa mdima, wina wandiweyani, wina wopepuka ngati utsi, linali lokonzeka kale. Ndipo ngakhale zakuda zija sizinali pa pepala loyera. Iye anali kusankha mapepala a mtundu wa udzu wouma, ndipo mankhwala amene anali kupakapo kuti makala asagwe anawapatsa maonekedwe a golide, kotero kuti mtundu unalipo kale pansi pa cakudaco. Ca m'ma 1900 anasiyiratu zakuda. M'caka ca 1900 comweco Maurice Denis anapaka cithunzi ca amisiri acinyamata atasonkhana pozungulira cithunzi ca Paul Cézanne, ndipo nkhalamba ya ndebvu imene ambiri a iwo aitembenukira ndi Redon.

Tsopano tifike kwa a Fontaine. Bambo Arthur Fontaine anali injiniya wa migodi ndi mkulu wa m'boma woyang'anira za anchito, ndipo kuyambira 1919 kufikira imfa yao mu 1931 anali wapampando woyamba wa komiti yolamulira ILO, bungwe la maiko onse loona za anchito, limene Zambia inalowamo mu 1964. Nyumba yao mu Paris inali pokumanira olemba ndi opeka nyimbo, monga André Gide, Francis Jammes ndi Claude Debussy. Mai Fontaine anabadwa mu 1865. Mkulu wao wina anakwatiwa ndi wopeka nyimbo Ernest Chausson, wina ndi wojambula Henry Lerolle. Munda wa Peyrelebade utagulitsidwa, Redon ndi banja lace anali kukakhala m'nyengo yotentha ku Saint-Georges-de-Didonne, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi Royan, ndipo nkumeneko kumene a Fontaine anawacezera mu 1901, cithunzi cathu nkujambulidwa. Maiwo anali ndi zaka ngati 36, wojambula 61.

Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tiyeni ticiyang'ane pang'onopang'ono, kuyambira pa nkhope. Mai Fontaine sayang'ana ife. Tiwaona cam'mbali, tsitsi lakuda lomangidwa, maso ali pa nsalu imene agwira m'manja. Nkhopeyo Redon anaijambula mosamala, mwa mizere yopyapyala ndi mthunzi wopepuka, monga anali kucitira ndi makala. Munthu wowadziwa akanawazindikira pomwepo. Palibe kuseka, palibenso tsinya. Mukayang'ana nkhope yokha simungadziwe cimene ciri mumtima mwao, ndipo ndiyesa wojambula anacita dala. Ife tikapita kokajambulitsa tiyang'ana kamera, tikonza kolala, tionetsa nkhope imene tifuna kuti abale kumudzi akaione. Apa wojambula wawapeza maiwa pa nthawi imene aiwala kuti pali wowayang'ana.

Kenaka tsikirani pa diresi. Ndi lacikasu, cikasu cowala, ndipo ndilo likoka diso poyamba. Pamene nkhope inajambulidwa ndi nsonga, diresi linapakidwa momasuka, kotero kuti simungawerenge makwinya ace onse kapena kunena motsimikiza kuti nsalu yace ndi yanji. La Tour akanakuonetsani ulusi uli wonse kuti mudziwe mtengo wace. Redon alibe nazo kanthu za mtengo. Cimene afuna ndi kutentha kwa mtunduwo. Ndipo onani kuti kuwala kwa cikasuco sikuthera pa mapewa. Kuoneka ngati kufalikira m'mpweya wozungulira maiwo, ngati kuti kucokera mwa iwo eni, pakuti zenera palibe. Apa mpamene mfundo ya Chevreul igwira nchito. Pakati pa mitundu yozungulira pali timawanga ta buluu, ndipo buluu akakhala pafupi ndi cikasu, ciri conse cikuza cinzace: cikasu cioneka cotentha koposa, buluu wozizira ndi wakuya koposa. Yesani nokha kunyumba. Ikani kansalu kacikasu pa pepala loyera, kenaka kaikeni pa nsalu ya buluu, muone ngati diso lanu libvomera kuti ndi komweko.

Maluwa ndiwo adabwitsa munthu woona koyamba. Azungulira maiwo, koma simuona nthaka imene amerapo. Ena ali ndi maonekedwe a duwa lenileni, pakuti wophunzira wa Clavaud anali kudziwa zomera. Ena ndi timadontho cabe ta utoto, timene diso lanu lomwe litisandutsa maluwa. Mukacoka pa nkhope kunka kumphepete kwa pepala, zinthu zinka zisungunuka, kufikira zitasanduka nkhungu ya mitundu. Palibe khomo, palibe cokuuzani motsimikiza ngati maiwa ali m'nyumba kapena pabwalo, m'mawa kapena madzulo. Édouard Vuillard nayenso anawajambula Mai Fontaine, koma iye anawaika m'nyumba mwao mu Paris, pakati pa mipando ndi katundu wao, kotero kuti muwadziwa mwa zinthu zao. Redon anacotsa zonsezo. Tsono funso libwera lokha: kodi maluwa awa acokera kuti? Kodi ndi amene maiwa alikupeta, asefukira kunja kwa nsalu? Kodi ndi maganizo amene ayendayenda m'mutu mwa munthu pamene manja ace agwira nchito yozolowera? Kapena ndi ulemu cabe wa wojambula kwa mlendo wace? Cithunzi siciyankha, ndipo wophiphiritsa weniweni sakanalola kuti ciyankhe.

Ine ndinaciona koyamba m'buku lakale losindikizidwa ndi inki yakuda yokha, ndipo ndinatembenuza tsamba osaima: mai wosoka, basi, pakati pa zotuwa zosadziwika bwino. Nditadzaciona m'mitundu yace ndinazindikira kuti poyamba paja ndinaona theka lokha. Inunso mukapeza kope la mitundu, citani ici. Bisani maluwa ndi manja anu, musiye nkhope ndi nsalu yopetayo. Mudzaona cithunzi cabwino, koma wamba, ca mkazi wa bwana. Kenaka bisani nkhope, ndipo mudzatsala ndi mitundu yokongola yopanda mwini. Mzimu wa cithunzici uli pokumana ziwirizi, nkhope yacete yosaulula kanthu, ndi mitundu yosakhazikika imene ioneka ngati ikamba m'malo mwace. Ndikafunsidwa dzina la mkhalidwe umenewu sindinganene kuti cimwemwe, pakuti maso oyang'ana pansiwo alibe cisangalalo. Sindinganenenso kuti cisoni, pakuti cikasu cotere sicilola. Ine ndiona bata la munthu amene thupi lace liri pano koma mtima uli patali, ndipo kumene uliko kuoneka kuti nkwabwino.

Pano ndikucenjezeni za msampha umodzi. Pali anthu amene afuna kuti mtundu uli wonse ukhale ndi tanthauzo limodzi, ngati mau a m'dikishonale, kuti kufiira ndi cikondi, kuyera ndi ungwiro, cikasu ndi nsanje. Mbiri ya zojambula siibvomereza zimenezo. Ca m'ma 1305, m'kachalichi kena mu Padua, Giotto anabveka Yudasi mwinjiro wacikasu pamene apsompsona Yesu. Mu 1888, ku Arles, Vincent van Gogh anapaka maluwa a mpendadzuwa acikasu kuti akometsere cipinda ca bwenzi lace Paul Gauguin. Uko cikasu cabvalidwa ndi wompereka, uku cikonzera mlendo pogona, ndipo ca Mai Fontaine sicifanana ndi cimodzi mwa ziwirizi. Pofuna kumva mtundu, funsani kuti watenga malo akulu bwanji, wayandikana ndi uti, wapakidwa mwamphamvu kapena mopepuka, ndipo m'mphepete mwace ndi mwakuthwa kapena mosungunuka. Diresi lomweli likanazingidwa ndi mzere wakuda, kumbuyo kuli cipupa cofiira, likanafuula, pamene apa lingoyaka mwakacetecete ngati nyali.

Msampha waciwiri ukola ife okonda mbiri. Patapita zaka zocepa cijambulidwire cithunzici, ukwati wa a Fontaine unatha, ndipo maiwo anakwatiwa ndi dokotala wina, Abel Desjardins. Munthu akamva izi abwerera ku cithunzi nati: eya, taonani maso aja, anali atayamba kale kuganiza zocoka! Nkokoma kuganiza cotero, koma nkuwasemera maganizo amene cithunzi sicinena. Redon anajambula anthu ambiri mwa njira yomweyi, akazi, amuna ndi ana, oyang'ana pansi kapena kumbali. Mu 1910 anajambula ndi pasitelo mtsikana wochedwa Violette Heymann, cithunzi cimene ciri ku Cleveland Museum of Art. Iyenso ali cam'mbali, nkhope yofatsa, maluwa a mitundumitundu akuyandama pafupi naye opanda cowagwira. Cimene tiona mobwerezabwereza m'zithunzi zimenezi ndi cikhulupiriro ca wojambula mwini, cakuti munthu ali yense ali ndi dziko lace la m'kati, losafikika, ndi kuti mitundu ikhoza kuloza kumene dzikolo liri popanda kulitsegula. Diso louluka lija la mu 1878 ndi maluwa awa a mu 1901 acokera kwa munthu mmodzi. Zonse ndi zinthu zojambulidwa mosamala ngati zenizeni, nkuikidwa pamalo pamene sizingakhale.

Ngozi ija siinamgwere. Mu 1903 boma linampatsa mendulo ya Légion d'honneur, mu 1904 linagula Les Yeux clos, ndipo caka comweco cionetsero ca Salon d'Automne cinampatsa cipinda cace yekha. Henri Matisse, amene anadzachuka ndi mitundu yolimba, anamlemekeza kwambiri. Mu 1910 ndi 1911 anakometsa cipinda ca mabuku ca ku Fontfroide, nyumba yakale ya amonke imene bwenzi lace Gustave Fayet anagula, ndi zithunzi ziwiri zazikulu, cina ca usana, cina ca usiku. Mu 1913, pa cionetsero ca Armory Show mu New York, zithunzi zace zinali zambiri kuposa za wina ali yense. Anamwalira mu Paris pa 6 Julaye 1916, nkhondo yaikulu iri m'kati, mwana wace Arï ali ku usilikari.

Cithunzi ca Mai Fontaine cinagulidwa ndi Metropolitan Museum mu 1960. Monga zithunzi zonse za pasitelo, ciyenera kukhala kumbuyo kwa galasi, pakuti ufa wa utoto umene Redon anaika pa pepala mu 1901 ukali fumbi mpaka lero, ndipo kugwedeza kwamphamvu kukhoza kuugwetsa. Kuwala kwambiri nakonso kuononga pepala ndi kusulutsa mitundu ina, cotero osunga zithunzi zotere aziika m'zipinda za nyali zofooka, ndipo nthawi zina azicotsa pa cipupa kuti zikapumule mumdima. Ngati tsiku lina mudzafika ku New York, funsani kaye pakhomo ngati cirikuonetsedwa musanayambe kucifunafuna m'zipinda.